KUSENZA MAU A ENI ACE

Pa nchito zonse zimene anyamata ndi atsikana amazichula pamene ali pafupi kutsiriza sukulu, nchito yanga sindinaimvepo iri kuchulidwa. Ena afuna uphunzitsi, ena unamwino, ena upolisi, ndipo ena ati bola ukalaliki wa m'ofesi. Pakuti nchito zimenezi zioneka ndi maso, ndipo zina ziri ndi zobvala zace zimene mwana amazisirira. Koma ine ndigwira nchito ya kufufuza ndi kulangiza za malamulo m'bungwe lina lacifundo la mu Lusaka, limene colinga cace ndi cakuti amuna ndi akazi aziyesedwa ndi muyeso umodzi. Kwathu ku Katete amangotichula kuti "a jenda," ndipo ambiri ayesa kuti nchito yathu ndiyo kukhala m'misonkhano ya m'mahotela, kapena kuphunzitsa akazi mwano. Tsono ndifuna kukufotokozerani, inu anzanga amene mwangotuluka m'sukulu, cimene nchitoyi iri, kukoma kwace ndi kulemera kwace komwe, kuti wina akaifuna aifune ali kudziwa katundu amene adzasenza.

Njira yapafupi ya kuimvetsa nchitoyi ndiyo kuganizira za ankhoswe. Yense wokulira pakati pa Acewa adziwa kuti ankhoswe ndi anthu otumidwa. Atenga mau ku banja ili napita nao ku banja lija, ndipo ulemu wao wonse uli pa cinthu cimodzi, cakuti asaonjezepo ndiponso asacotsepo kanthu. Ankhoswe othira mcere wao m'mau a eni amapasula ukwati umene anatumidwa kuumanga. Momwemonso ife. Mbali yoyamba ya nchito yathu ndiyo kupita kwa akazi a m'midzi ndi a m'makomboni, kukamva ndi kukawerenga zimene ziri kuwacitikira. Imeneyi timaicha kufufuza. Mbali yaciwiri ndiyo kutenga zimene tamvazo ndi kukazitula pamaso pa anthu okonza malamulo ndi ogawa ndalama za Boma, ndi kuwauza cimene cingakonzedwe. Imeneyi timaicha kulangiza. Mau amene tisenza si athu ai. Ali ndi eni ace, ndipo ife tangowabwereka.

Wina angafunse kuti, "Kodi mabvuto a akazi sadziwika kale? Mufufuziranji cinthu coonekera poyera?" Yankho lace liri m'nkhani ya cuma ca masiye. Kwa zaka zambiri dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, pafupifupi yense wa m'tauni anali ataonapo mcitidwe woipa uwu: mwamuna wogwira nchito pa mgodi kapena m'Boma akamwalira, abale ace amafika, ena maliro asanaikidwe n'komwe, natenga mipando, mbale, makina osokera, ngakhale bedi limene, kusiya mkazi ndi ana pa simenti. Onse anali kudziwa, koma yense anali kudziwa payekha. Uyu adziwa za mlongo wace, uyo adziwa za mnansi wace, ndipo yense ati ndi tsoka la nyumba imeneyo. Olandawo anali kunena kuti atsata mwambo wa makolo, ndipo panalibe wowatsutsa ndi umboni. Panafunika anthu odekha oti atole nkhani zomwazikanazo, aziike pamodzi, ndi kuonetsa kuti imeneyi ndi nthenda ya dziko lonse. Panafunikanso kuonetsa kuti mwambo weniweni unali kupatsa wolowa m'malo mwa womwalira udindo wa kulera ana amasiye, pamene olanda a m'tauni anali kutenga katundu ndi kuuthawa udindowo.

M'zaka za m'ma 1980 akazi ophunzira anayamba kumangana m'mabungwe. Bungwe la Zambia Association for Research and Development, limene nchito yace inali kufufuza za moyo wa akazi, linayamba mu 1984. Mu 1985, caka ca msonkhano waukulu wa akazi a dziko lonse lapansi ku Nairobi, kunabadwa bungwe logwirizanitsa mabungwe a akazi, limene lidziwika ndi dzina lakuti NGOCC. Ndipo caka comweco Zambia inabvomereza pangano la United Nations loletsa tsankho liri lonse pa akazi. Mabungwe a akazi, pamodzi ndi a mipingo ndi anthu odziwa malamulo, anaumirira kufikira mu 1989 pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata yogawa cuma cace, imene ambiri aicha wilo. Lamuloli ligawa cuma motere: pa magawo 100, magawo 50 apita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalira, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba zikhala za wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye akhala m'nyumbamo moyo wace wonse, pokhapokha akalowa ukwati wina. Wolanda cuma angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa.

Amene sadziwa nchito yathu angaganize kuti pamenepo mlandu unatha. Koma kwa wofufuza, tsiku limene lamulo lisainidwa ndilo tsiku limene funso latsopano libadwa: kodi lamulolo lafika pakhomo pa wamasiye? Bungwe la Women and Law in Southern Africa, limene linayamba mu 1989 ndi kugwira nchito m'maiko angapo a cigawo cino ca Africa, linatenga funso limeneli ndi kupita nalo kwa anthu m'zaka zotsatira. Ife amene tinabwera pambuyo tiyenda m'mapazi ao, ndipo funsolo tiri nalo kufikira lero.

Ulendo wa kufufuza uyamba kale tisanakwere galimoto. Poyamba timalemba mafunso, ndipo nchito imeneyi yokha imatha masabata, pakuti funso loipa libala yankho labodza. Mukafunsa mai kuti, "Kodi amuna anu amakuzunzani?" adzati ai, cifukwa palibe afuna kuyalutsa nyumba yace kwa mlendo. Koma mukafunsa cinthu cimodzi cimodzi, monga, "Kodi anakukankhanipo? Ndalama ya nshawa kapena ya thonje ikabwera, amaisunga ndani? Mukafuna kupita ku cipatala, mumayamba mwapempha?" pamenepo coonadi cituluka pang'ono pang'ono. Mafunso akatha apita ku komiti yoona kuti kufufuza kwathu sikudzapweteka munthu. Kenaka timapempha cilolezo kwa akulu a Boma a m'deralo ndi kwa mfumu, pakuti mlendo wolowa m'mudzi ndi pepala ndi pensulo popanda kuonekera kwa eni mudzi amayesedwa kazitape. Munthu ali yense, tisanamfunse kanthu, timamuuza kuti ndife ani, mau ace tidzacita nao ciani, kuti dzina lace silidzaululidwa, ndi kuti ali ndi ufulu wa kukana kapena kulekezera pakati. Mkazi amafunsidwa ndi mkazi mnzace, pa malo pamene mwamuna kapena apongozi sangamve, pakuti funso lofunsidwa pa malo olakwika lingabutse ndeu usiku womwewo ife titapita.

Mwa amai onse amene ndakhala nao pa mphasa, amai ena a m'mudzi wina wa m'dera la Chipata anandiphunzitsa koposa mabuku. Amuna ao anali atamwalira, ndipo alamu ao anali atatenga ng'ombe ndi ngolo, nawauza kuti munda tsopano ulimidwa ndi ena. Ine ndinawafunsa ngati adziwa kuti kuli lamulo loteteza amasiye. Anaseka pang'ono nati, "Mwana wanga, lamulo lanulo ndinalimva pa wailesi, ndipo magawo ace ndingakuwerengere. Koma ndikawatengera alamu anga ku khoti, mawa mwana akadwala adzandinyamulira ndani? Ine ndikafa adzandiika ndani? Ng'ombe ndingazipeze, koma mudzi ndiutaya." Ndinati, "Nanga amai, cimene cingakuthandizeni n'ciani?" Iwo anati, "Akadalankhula amfumu, alamu anga akadamva, ndipo ine ndikadakhala wopanda mlandu ndi munthu."

Mau ocepawa anali ndi nzeru zitatu zimene wokhala m'ofesi sangazipeze. Yoyamba ndi yakuti anthu saleka lamulo cifukwa ca umbuli wokha. Nthawi zambiri amalidziwa, koma amayesa mtengo wace naona kuti sangaukwanitse, pakuti kwa mkazi wa kumudzi cibale ndico nkhokwe yace ya pa njala ndi pa maliro. Yaciwiri ndi yakuti lamulo la 1989 silikhudza malo a mwambo, amene ali m'manja mwa mafumu. Kotero cuma cacikulu koposa ca wamasiye wa kumudzi, ndiwo munda, ciri kunja kwa lamulolo. Yacitatu ndi yakuti palibe mwambo umodzi wokha. Kwa Acewa a cikamwini mwamuna ndiye abwera kwa mkazi, ndipo munda utsata mbumba ya kucikazi. Wamasiye atsala pa munda wace, ngakhale katundu wa mwamuna angafunidwe ndi ana a mlongo wace. Koma mkazi wa citengwa, amene anatengedwa kupita kwao kwa mwamuna, angathe kuuzidwa kuti abwerere kwao. Kwa Angoni a Mpezeni, kumene amapereka malobolo, ana ndi a kucimuna, ndipo mkazi wocoka pamudzi aopa kusiya ana ace. Midzi iwiri ingakhale yoyandikana, yomwa pa dambo limodzi, koma amasiye ace alira zosiyana. Wolangiza Boma wosadziwa zimenezi afanana ndi sing'anga wopereka muzu umodzi pa nthenda zonse.

Komabe nkhani ya mai mmodzi, ngakhale ikhale yogwira mtima, siikwanira pamaso pa a Nduna. Iwo adzati, "Ameneyo ndi mmodzi, nanga ena?" Apa ndipo pafunika ciwerengero. Kuyambira mu 1992 Boma limacita kafukufuku wamkulu wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu pakapita zaka zingapo, kufunsa mabanja zikwi zambiri m'zigawo zonse za dziko. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti pa akazi 100 ali onse a zaka 20 kufikira 24, okwana 29 anakwatiwa asanafike zaka 18. Pa atsikana 100 a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati. Ndipo pa akazi 100 a zaka 15 kufikira 49, okwana 36 anamenyedwapo kapena kupwetekedwa m'thupi kuyambira pamene anali ndi zaka 15. Wofufuza ayenera kudziwa kuwerenga manambala otere: anafunsidwa ndani, caka citi, ndipo funso lace linali lotani. Ayenera kuwapatula, a kumudzi paokha ndi a m'tauni paokha, ophunzira paokha ndi osaphunzira paokha, pakuti nambala ya dziko lonse imabisa madera amene zinthu zaipa koposa. Ciwerengero cionetsa kukula kwa cotupa, koma mai wa pa mphasa ndiye aloza pamene pali munga. Ndipo nchito yathu ifuna zonse ziwiri.

Pa malo ano ndi pamene pali yesero lalikulu. Mabungwe onga lathu alibe munda kapena sitolo. Ndalama zao zicokera kwa opereka, ambiri a iwo a kunja, ndipo opereka amatambasula dzanja msanga akamva zoopsa. Tsono pamakhala mau a kunong'ona akuti, "Nambalayi ikwezeni pang'ono, nkhaniyi ithireni misozi." Tsiku lina mlendo wocokera ku bungwe lina lopereka ndalama anatipempha kuti timpezere mtsikana amene nkhani yace iri yomvetsa cisoni koposa onse, kuti amjambule ndi kuika nkhope yace pa cikuto ca lipoti. Tinakana, ngakhale tinali kudziwa kuti malipiro athu a caka cotsatira anali m'manja mwa mlendoyo. Atsikana onse amene tinaceza nao tinali titawalonjeza kuti sadzadziwika, ndipo wojambulidwayo akadakhalabe m'mudzi momwemo, alikulozedwa zala, lipotilo litaiwalika kale. Ndiponso wofufuza ali ndi cuma cimodzi cokha, ndico kukhulupirika. Akagwidwa kamodzi ndi nambala yabodza, zoona zonse zimene adzanena pambuyo pace zidzakanidwa, ndipo obvutika adzakhala akazi amene anamtuma. Nthawi zina zopeza zathu sizikondweretsa ngakhale abwenzi athu. Timapeza kuti m'dera lina anyamata ndiwo aleka sukulu msanga cifukwa ca kuweta ng'ombe, kapena kuti wokakamiza mtsikana kukwatiwa ndi mai wace wombala, osati atate wace. Zimenezonso tiyenera kuzilemba monga ziri.

Tikabwerera ku Lusaka iyamba mbali yaciwiri ya nchito. Lipoti la kufufuza likhala la masamba ambirimbiri, koma phungu wa Nyumba ya Malamulo alibe nthawi ya kuliwerenga. Tsono tiyenera kulifinya kuti litsale masamba awiri kapena atatu, popanda kutaya coonadi cace. Pepala lotere liyankha mafunso anai: bvuto n'ciani, umboni wace uli kuti, ndi ndime iti ya lamulo, kapena mzere uti wa bajeti, umene uyenera kusintha, ndipo kusinthako kudzadya ndalama zingati ndi kucitidwa ndi ani. Kunena kuti "Boma licitepo kanthu" ndi kudandaula cabe, kumene yense angakucite. Wolangiza ayenera kuchula kanthu kameneko ndi dzina lace. Makomiti a aphungu ku Manda Hill amaitana mabungwe kukapereka maganizo pa malamulo amene ali kukonzedwa, ndipo munthu amakhala pamaso pao ndi mapepala ace nayankha mafunso. Ena afunsa kuti adziwe. Ena afunsa kuti akugwetseni. Onse ayenera kuyankhidwa mwaulemu ndi mwa umboni, pakuti amene akutsutsani lero mudzamfuna mawa pa nkhani yina. Pali makomo enanso amene timagogoda: maunduna a Boma, bungwe loona za kukonzanso malamulo la Zambia Law Development Commission, Nyumba ya Mafumu, apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa, ndi oweruza a makhoti ang'ono a mwambo, kumene milandu yambiri ya amasiye ndi ya maukwati imathera.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe nchito imene mwambiwu uikwanira koposa yathu. Kale mtsikana wa sukulu akatenga pakati anali kucotsedwa kotheratu, pamene mnyamata wompatsa pakatiyo kawirikawiri anali kupitiriza maphunziro. Mabungwe monga FAWEZA, la akazi a za maphunziro, anailimbikira nkhaniyi, ndipo mu 1997 Boma linalola kuti mtsikana akabala abwerere ku sukulu. Koma ofufuza atatsata anapeza kuti ambiri sabwerera: wolera khanda palibe, anzao amawaseka, sukulu iri kutali, ndipo makolo ena aona kuti ukwati ndiwo wapafupi. Malipiro a sukulu za Boma atacotsedwa mu 2022, copinga cimodzi cinagwa, koma zinazo zifunabe kufufuzidwa. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linabwera mu 2011, ndipo la cilungamo ndi kufanana kwa amuna ndi akazi linabwera mu 2015. Kwa zaka zambiri ukwati wa mwambo unali kuloledwa mtsikana akangotha msinkhu. Ndi mu December 2023 pamene lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uli wonse wa munthu wosafika zaka 18, wa mwambo womwe, ukhale wopanda mphamvu. Kumbuyo kwa caka ciri conse mwa zimenezi kuli anthu amene maina ao simudzawamva, amene anawerenga, nalemba, nakanidwa, nalembanso.

Si nthawi zonse pamene kudekhako kumabala. Ndime 23 ya malamulo akulu a dziko iletsa tsankho, koma ipatula nkhani za ukwati, kulekana, cuma ca masiye ndi malamulo a mwambo, ndizo nkhani zomwe mkazi amapsinjikamo koposa. Ndime imeneyi siingasinthidwe popanda kufunsa mtundu wonse. Pa 11 August 2016, tsiku la masankho, anthu anafunsidwa za mndandanda watsopano wa maufulu. Obvomera anaposa okana, koma sanafike theka la anthu onse oyenera kuponya voti monga lamulo lifuna, ndipo nkhaniyo inagwa. Nchito ya zaka zambiri inabwerera m'kabati. Wofuna kuona zipatso caka comwe wabzala asankhe nchito yina.

Pali muyeso umodzi umene umatithandiza kudziwa ngati cinthu cimene tilangiza cithandizadi akazi, ndipo unapangidwa ndi mai wa kuno kwathu, Sara Longwe. Iyeyu ndi yemwe mu 1992 anatengera hotela yina ya mu Lusaka ku khoti lalikulu cifukwa ca kumletsa kulowa pa malo ena popanda mwamuna womperekeza, ndipo anapambana. Muyeso wace uli ngati makwerero a masitepe asanu, ndipo ugwiritsidwa nchito m'maiko ambiri. Pansi pali kulandira zosowa za thupi, monga cakudya ndi mankhwala. Pamwamba pace pali kukhala ndi mwai wofanana wa munda, sukulu ndi ngongole. Kenaka pali kuzindikira kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi m'zinthu izi kunapangidwa ndi anthu, ndipo anthu angakusinthe. Pacinai pali kukhala nao pa bwalo pamene zinthu zigamulidwa. Ndipo pamwamba pa zonse pali kukhala ndi mphamvu yofanana pa zinthuzo ndi pa phindu lace. Tiyerekeze kuti bungwe lapatsa mudzi cigayo. Akazi aleka kusinja, ndipo n'cabwino ndithu. Koma wofufuza afunsabe kuti, m'komiti ya cigayo muli akazi angati, ndipo ndalama zace asunga ndani? Cigayo cingapumitse manja a akazi, koma mphamvu n'kutsalabe pamene inali.

Mbali yotsiriza ya nchito, imene ambiri amaiiwala, ndiyo kubweza. Ankhoswe akatula mau sagona komweko. Abwerera kukauza owatuma cimene ayankhidwa. Anthu a m'midzi atopa ndi alendo obwera ndi mafunso, olemba m'mabuku, napita osaonekanso. Kotero ife timabwerera kumene tinafunsa, ndi kufotokoza m'Cinyanja, pansi pa mtengo kapena pa wailesi ya m'deralo, zimene tinapeza ndi kumene tinazipereka. Ndipo eni ace ali ndi ufulu wa kunena kuti apa simunamve bwino. Timakhalanso pansi ndi mafumu, anduna ao ndi anamkungwi, pakuti amai a ku Chipata aja ananena zoona: pali mau amene akacokera kwa amfumu amveka pamene a ku khoti samveka. Boma lomwe linazindikira zimenezi pamene mu 2013 linayambitsa nkhondo yothetsa maukwati a ana kupyolera mu unduna wa mafumu. Mwambo suli mdani wathu. Uli ndi zabwino zimene zasunga amasiye kuyambira kale, ndipo uli ndi zina zimene eni ace angazikonze akaona umboni.

Sindifuna kukubisirani kulemera kwace. Mudzamva nkhani zimene zidzakutsatani kunyumba usiku, ndipo simudzakhala ndi ufulu wa kuziuza ngakhale mbale wanu, pakuti munalonjeza. Nthawi zina mudzasiya mai ali m'bvuto lomwe munampezamo, mutangomlozera kumene angapeze thandizo, cifukwa phindu la nchito yanu lidzafika kwa ana ace. Nchito yace ndi ya pangano la caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo ndalama za opereka zikatha mufunanso kwina. Kumudzi ena adzati mwakhala mzungu, ndipo mukakhala mwamuna anzanu adzati akazi anakudyetsani mankhwala. Koma pali tsiku limene muwerenga lamulo latsopano, kapena kalata ya unduna yopita ku masukulu onse, ndi kupezamo ganizo limene munalimva koyamba pa mphasa. Dzina lanu mulibemo, ndipo la amai aja mulibemonso, koma inu mudziwa njira imene linadzera.

Wofuna nchitoyi, mtsikana kapena mnyamata, asanyoze masamu, pakuti wosadziwa kuwerenga ciwerengero adzanamizidwa ndipo adzanamiza ena. Aphunzire kulemba Cingerezi cacifupi ndi comveka, aphunzire kompyuta, ndipo koposa zonse asataye cinenero ca kwao ndi ulemu wace, cifukwa mai wa kumudzi satsegula mtima kwa mwana wosadziwa kupereka moni. Ku University of Zambia ndi ku masukulu ena akulu kuli maphunziro a malamulo, a za cuma, a ciwerengero ca anthu ndi a za kakhalidwe ka anthu, ndipo onsewa ndi makomo olowera. Ambiri a ife tinayamba monga ofunsa mafunso olembedwa kwa masabata ocepa, kapena omasulira, ndipo tinakwera pang'ono pang'ono.

Koma simufunika kudikira yunivesite kuti mudziyese. Pitani kwa agogo anu akazi, mukhale pansi, muwafunse mmene anakwatiwira, amene anawasankhira mwamuna, ndi cimene cinacitika ndi katundu pamene agogo anu amuna kapena atate ao anamwalira. Musawadule mau, ndipo musawaphunzitse. Lembani monga anenera, zokukondweretsani ndi zosakukondweretsani zomwe. Kenaka muwawerengere zimene mwalemba. Akagwedeza mutu nati, "Inde, mdzukulu wanga, ndi momwe ndinanenera," mudziwe kuti nchito imeneyi mungaithe.